Dziwe Lopanda Mwini

Masiku asanu ndi limodzi ndimaweta madzi a eni.
Ku Bryanston, kuseri kwa mpanda wamagetsi,
ndimavuula masamba ndi kaukonde ka mpini wautali,
ndimathira mankhwala, ndimayeza, ndimapha ndere
mpaka dziwe la abwana liwale ngati diso la mphaka.
Zaka zinayi tsopano.
Linandinyowetsapo kulekeza m'chigongono basi.

M'khitchini mwa adona muli kalendala:
chilumba china kutali, dzina lake lopinda lilime,
thanthwe lakuda litafungatira madzi obiriwira,
nyanja ikuswa thovu kunja kwake.
Akuti anayenda maola atatu kuti akafikepo.
Ine ndimachiona polandira tiyi pakhomo lakuseri.

Ndiye Lamulungu lina Malizani anati, Dzuka aise,
Joni si simenti yokhayokha, tiye ukaone.

Takisi ya m'tauni, kenako ina yolowera kummwera.
Tinatsikira pomwe nyumba zathera ngati chingwe choduka.
M'chikwama buledi wodula pakati, mazira awiri owiritsa,
ndi mapepala athu okulunga m'pulasitiki,
poti kuno ngakhale phiri lingakufunse pasipoti.

Tinakwera.
Udzu wofika m'chiuno, chisoso chikumata mathalauza,
nsapato yanga yakumanzere itayasamula ngati mlamba.
Nkhanga zinabalalika zikutitukwana.
Pamwala mbira inatiyang'ana osaphethira,
yomwe ija inasowa mchira chifukwa chotuma anzake,
ndipo ndinati, Lero sindituma maso a munthu wina.

Kawiri konse tinasokera.
Malizani ankalumbira kuti mtengo wopsa ndi mphezi unali apa,
ine nkuti, Mitengo siyenda, akulu, bwezani ya takisi.
Kumbuyo kwathu mzinda unali utafota,
nsanja ya Hillbrow ngati msomali woiwalika pathabwa,
milu yachikasu ya migodi ili phee,
dothi limene agogo ake a Malizani anasiyamo mapapo.

Tinayamba kulimva tisanalione:
kakhwawa kakung'ung'udza pansi pa miyala.
Kutsetsereka chokhala, kugwira mizu, chidendene chatuza,
kenako ilo.

Silinali la pa kalendala ayi.
Laling'ono, kukula ngati chipinda changa chalendi,
madzi ake ngati tiyi wopanda mkaka,
ndere ili ndevu zake m'mphepete monse,
mbululu zikuchita msonkhano,
chitini cha mowa chitakodwa m'bango.
Dzanja langa linayamba lokha kufuna kaukonde.
Ndinalimenya.

Malaya pathanthwe. Phazi limodzi. Mayo ine, kuzizira!
Kenako thupi lonse, thibu,
ndipo mikono inakumbuka zomwe mutu unaiwala,
maiwe a Lichenya, ine mwana wosavala,
makutu atadzaza phokoso losalankhula chilankhulo cha munthu.
Pansi apo panalibe wondiitana ndi dzina losakhala langa.
Ndinagona chagada, tombolombo nkundiyesa chikuni.

Lowa! ndinakuwa.
Malizani anali atakhala, mapazi okha m'madzi,
akusenda dzira pang'onopang'ono.
Sinditha kusambira, anatero. Sindinaphunzirepo.
Ndimangobwera kudzaona chinthu chopanda geti.

Cha m'ma fili koloko kumwamba kunada ngati mphika,
mvula ya kuno yosapempha malo,
ziphaliwali zikuthyola nkhuni pamwamba pa zitunda.
Tinathamanga, mapepala m'khwapa, tikuseka ngati zitsiru,
ndipo wa takisi anatilipiritsa yowonjezera ponyowetsa mpando.

Lolemba m'mawa ndinatsekula geti ndi nambala yake.
Dziwe la abwana lili mbee, lomvera, losanunkha matope.
Pakati pake tsamba limodzi la jakaranda likuzungulira.
Ndinaima ndi kaukonde m'manja,
chisoso chikadali pa sokosi,
khutu limodzi likadali ndi madzi a dzulo.
Ndinalisiya liyandame
mpaka adona atadzuka.